Chithandizo cha matenda a maganizo ku St John of God ku Mzuzu: zimene banja lathu laona

Papita chaka ndi miyezi iwiri kuchokera tsiku limene tinatengera mng'ono wanga ku St John of God ku Katoto, ndipo ndinadikira dala nthawi yonseyi ndisanalembe chilichonse, chifukwa ndinkafuna kuona kaye ngati chithandizo chimene tinalandira pa tsiku loyamba lija chidzapitirire wodwalayo atabwerera kunyumba. Ife kwathu ndi ku Ntcheu, koma takhala ku Mchengautuwa zaka zambiri, ine ndi banja langa m'nyumba ina, mng'ono wangayo ndi alamu anga m'nyumba ina chapafupi. Dzina lake sinditchula, ndipo zimene ndalemba pano waziwerenga ndi kuzivomereza yekha.

Matendawa anayamba pa tsiku lachisanu ndi chinayi atabereka mwana wake wachiwiri, akadali m'chikuta. Poyamba anasiya kugona, ndipo tonse tinkati ndi mmene zimakhalira ndi khanda. Kenaka anayamba kulankhula mosalekeza usiku wonse, kupemphera mokweza, ndi kunena kuti mwana amene ali pamphasayo si wake, wake anamusinthanitsa. Tinapita naye ku kachipatala kena ka pafupi ndi kwathu, kumene anamuyeza malungo, sanawapeze, namupatsa mankhwala opha ululu n'kutiuza kuti ndi kutopa chabe. Masiku atatu amene tinataya chifukwa cha mawu amenewo ndimawakumbukirabe ndi chisoni. Amayi athu, amene anabwera kudzathandiza chikuta, anatsimikiza kuti mwana wawo walodzedwa. Anansi athu a kuno anati ndi vimbuza ndipo afunika kumuimbira ng'oma. A kumpingo anabwera kudzapemphera kawiri. Aliyense wa anthu amenewa ankatifunira zabwino, koma usiku wina tinafika pomumanga manja ndi chitenje kuti asathawire kumsewu, ndipo m'mawa mwake alamu anga anabwereka galimoto.

Chinthu choyamba chimene ndinachiona ndi chakuti palibe amene anadabwa nafe. Tinafika tili ndi manyazi, wodwala akukuwa, amayi akulira, koma anamwino anatilandira monga mmene amalandirira munthu wothyoka mwendo, namumasula chitenje chija pang'onopang'ono akulankhula naye ndi mawu otsika. Amene anamuona anatenga nthawi yaitali kufunsa, ndipo sanafunse wodwala yekha: anafunsa alamu, anafunsa ine, anafunsa amayi ngati kumtundu kwathu kunakhalapo wina wodwala motere, anaona buku lake la kuchipatala, namuyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi kuti atsimikize kuti si matenda ena a m'thupi amene nthawi zina amasokoneza mutu wa mayi wongobereka kumene. Atamaliza anatiuza kuti matendawa ndi odziwika, amagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa amayi 1,000 alionse obereka, kawirikawiri amayamba m'masabata awiri oyambirira, ndipo amachizika. Mawu oti "amachizika" ndi amene anakhazika pansi mtima wa alamu anga, amene anali atayamba kale kuganiza kuti mkazi wawo wapita mpaka kalekale. Ambiri mwa odwala amene tinawapeza pabenchi ankalankhula Chitumbuka, koma ife anatilankhula m'Chichewa kuyambira pachiyambi, ndipo kwa amayi, amene Chitumbuka samva ngakhale moni, zimenezi zinali zofunika kwambiri.

Kwa amene sakuwadziwa malowa, asawasokoneze ndi chipatala cha St John's, chimene ndi china ngakhale maina akufanana. St John of God ndi ntchito ya Abale a chipani cha Katolika cha dzina lomweli, amene anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Ireland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa nthawi imene munthu wa kumpoto wodwala kwambiri maganizo ankayenera kutumizidwa ku Zomba, ulendo wa makilomita oposa 600, kutali ndi abale ake ndi chilankhulo chake. Mwini dzinali anabadwira ku Portugal m'chaka cha 1495 namwalira ku Granada, m'dziko la Spain, m'chaka cha 1550, ndipo mbiri yake imati iye mwini anatsekeredwapo m'chipatala pamodzi ndi anthu otchedwa amisala, nakwapulidwa monga ankachitira masiku amenewo, asanayambe nyumba yake yosamalira odwala. Nkhaniyi ndinaimva ndili kale pakati pa mavuto athu, ndipo inandithandiza kumvetsa chifukwa chimene nyumba yogonekamo odwala anaitchula House of Hospitality, kutanthauza nyumba yolandira alendo. Salandira Akatolika okha. Ife ndife a CCAP ndipo palibe anatifunsa za mpingo monga chiyeso cholowera. Pamalopo palinso sukulu ya ukachenjede yophunzitsa anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo, choncho musadabwe kupeza ophunzira atakhala pambali pamene mukuonedwa.

Mng'ono wanga anagonekedwa masabata atatu. Za nthawi imeneyi sindinena zambiri, chifukwa ndi iye amene anagona kumeneko, osati ine. Ndinkamupeza ali wosamba, atadya, ndipo pofika sabata yachiwiri anayamba kufunsa za mwana wake, yemwe uja ankamukana. Khandalo linatsala ndi ine, ndipo mkaka wa m'chitini ndi umene unatidyera ndalama zambiri kuposa china chilichonse pa matenda onsewa.

Mankhwala ake sanali opepuka. Patapita masiku angapo atatuluka, khosi ndi manja zinayamba kuuma, ankayenda ngati nkhalamba, malovu ankatuluka osafuna, ndipo ankagona mpaka dzuwa kufika pamutu. Amayi ataona zimenezi anati mankhwala a chizungu akumuonjezera matenda, nayamba kubisa mapilitsi m'thumba la ufa. Apa ndi pamene ndinaona ubwino weniweni wa chithandizochi, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Tsiku lina m'mwezi wa June, kukuzizira ndi kamvula ka mawawa kamene anthu a ku Mzuzu amakadziwa, kunabwera namwino wa kumeneko kudzamuona wodwala kunyumba. Sanafike ngati wapolisi wodzafufuza amene walakwa. Anakhala pampando wa khonde, nalandira tiyi, nayamba kucheza ndi amayi za ku Ntcheu ndi za mbatata ya kachewere, kenaka anapempha kuona mapilitsi n'kuwawerenga. Atapeza kuti achuluka kuposa mmene anayenera kutsalira, anayang'ana amayi n'kunena kuti, "Agogo, inu ndi amene mumakhala ndi mwana wanuyu usana ndi usiku, ndiye ndiuzeni zimene mwaona zimene zakuopsani." Amayi anafotokoza zonse, za kuuma khosi, za malovu, za mantha awo akuti mwana wawo asanduka chitsiru. Namwinoyo anawavomereza kuti zimene anaonazo ndi zoona ndipo zikuchokeradi ku mankhwala, nawauza kuti pali njira yochepetsera vutoli, mwina posintha mlingo, mwina poonjezera kapilitsi kena kofewetsa minofu, koma kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumabweza matenda. Za ufiti sanawatsutse ndipo sanawaseke. Anangoti, "Pempherani ndithu, Agogo, ifenso timapemphera, koma mapilitsiwa muziwapereka inuyo ndi dzanja lanu madzulo alionse." Kuyambira tsiku limenelo amayi, amene anali mdani wamkulu wa mankhwalawo, anasanduka mlonda wake, ndipo pamene anabwerera kumudzi patatha miyezi inayi anandisiyira ntchitoyo ndi malangizo okhwima.

Ndaganizira kwambiri za ulendo umenewu. M'chipinda cha dokotala amayi sakanaulula za thumba la ufa, chifukwa munthu wamkulu wa kumudzi akakhala pamaso pa wovala zoyera amangoyankha kuti inde. Pakhonde la mwana wawo, iwo ali eni nyumba ndipo namwino ali mlendo, analankhula. Matenda a maganizo amachira kapena kubwerera malinga ndi zimene zikuchitika m'nyumba, amene akusunga mankhwala, amene akudzuka usiku mwana akalira kuti mayi agone mokwanira, mawu amene apongozi akulankhula, ndipo zonsezi sizilembedwa m'buku la kuchipatala. Namwino uja anaona ndi maso ake kuti mng'ono wanga amagona chipinda chimodzi ndi ana awiri, nakonza nafe kuti khanda lizigona kwa ine masiku ena pa sabata. Anayitananso alamu anga paokha n'kulankhula nawo za kulera, popeza mayi amene anadwalapo motere akhoza kudwalanso pa mimba yotsatira, ndipo ndi bwino kukonzekera pamodzi ndi achipatala asanaime.

Panalinso mwana wamkulu, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene tonse tinamuiwala pakati pa chipwirikiti. Anaona amayi ake atamangidwa, anamva anzake pampopi akumunena kuti ndi mwana wa wamisala, ndipo anayamba kukodza pogona, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Ife tinkamukalipira. Phungu wa kumeneko ndi amene anafunsa za iye tsiku lina titapita kukaonedwa, natipempha kuti tibwere naye. Anacheza naye kangapo, nthawi zina pojambula zithunzi, natiuza kuti mwanayo ankakhulupirira kuti amayi ake anadwala chifukwa iye anachitira nsanje khandalo. Palibe mmodzi wa ife akanalota zimenezo. Anatilangiza kumuuza zoona m'mawu a msinkhu wake, kuti amayi anadwala mutu monga munthu amadwalira chifuwa, kuti si iye anachititsa, ndipo akuchira. Kukodza kuja kunatha patapita masabata angapo popanda mankhwala alionse. Pa za ana, bungweli lili ndi malo othandizira ana olumala ndi ochedwa kukula, ndiponso ntchito ya Umoza yosamalira ana opezeka m'misewu ya mumzinda, ndipo lilinso ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba. Zimenezi banja lathu silinagwiritse ntchito, koma pabenchi lodikirira ndakhalapo ndi amayi obereka kumbuyo ana akuluakulu osatha kuyenda, amene amanena za malowo moyamikira.

Ndisapereke chithunzi chakuti zonse ndi zofewa. Ulendo uliwonse wokaonedwa umafuna ndalama ya anthu awiri ya sakaramento (kabaza wa njinga yopalasa, mmene amamutchulira kuno ku Mzuzu) kapena ya kabaza wa njinga yamoto, kupita ndi kubwera, ndipo wodikirira wodwala amataya tsiku la ntchito. Ife tili mumzinda momwemo, koma ndakumanapo ndi anthu ochokera ku Rumphi, ku Nkhata Bay ndi kumadera a Mzimba amene anadzuka usiku kuti afike. Pali maulendo amene achipatalawa amapita kumadera, koma chigawo cha kumpoto ndi chachikulu, kuyambira ku Chitipa kufika ku chilumba cha Likoma, ndipo bungwe limodzi silingafike pakhonde lililonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu alionse anali ndi vuto la maganizo, ndipo ine ndimaona kuti zipatala zing'onozing'ono za m'madera athu ndi alangizi a zaumoyo akuyenera kuphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro zoyamba, kuti mayi wongobereka amene sakugona asamabwezedwe kunyumba ndi mankhwala opha ululu. Dziko lathu linakhala zaka zambiri likuyendera lamulo la matenda a maganizo la m'chaka cha 1948, lolembedwa m'nthawi ya atsamunda pamene maganizo anali oti wodwala atsekeredwe, ndipo maganizo amenewo akadali m'mitu ya anthu ambiri. Mng'ono wanga anachotsedwa ntchito pasitolo ina m'tauni eni ake atangomva kumene anagonekedwa, ngakhale anabwerera ndi kalata yosonyeza kuti ali bwino, ndipo ku banki m'khonde amayi anzake anazengereza miyezi ingapo asanamukongozenso.

Amene mukuganiza zopita ndi m'bale wanu, tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo a zitsamba, ndipo musabise kuti munapita kwa sing'anga, chifukwa ife titaulula palibe anatidzudzula. Pitani ndi munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku, osati wachibale wolemekezeka amene wangomva nkhani. Funsani dzina la mankhwala, ntchito yake, zovuta zake ndi nthawi imene adzamwe, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana, atchuleni ngakhale musanafunsidwe.

Lero mng'ono wanga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa m'dera lathu, mlingo wa mankhwala ake achipatala auchepetsa kawiri, ndipo amapita yekha kukaonedwa popanda womuperekeza. Mwana uja ankamukana wayamba kuyenda, ndipo tsiku lokaonedwa mwezi wamawa akuti apita naye kuti namwino amene anabwera m'mvula uja akamuone.