MSc, MEd kapena dipuloma: mphunzitsi wa masamu ndi sayansi alowere kuti?

Funso limene linandibweza pa benchi ya ophunzira linachokera kwa mtsikana wina wofatsa amene ankakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi mwanga. Ndinali nditangolemba pa bolodi kuti mainasi ukachulukitsa ndi mainasi umapeza pulasi. Iye anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, lamulolo ndalimva, koma chifukwa chake n'chiyani?" Ndinamuuza kuti aloweze kaye, tidzakambirana tsiku lina. Chaka chinatha tsikulo osafika, chifukwa yankho ndinalibe. Digiri ndinali nayo, ana ankakhoza mayeso, koma pansi pa malamulo amene ndinkawaloweza panali mphako, ndipo zinkandiwawa.

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tikafika pamenepa timayamba kufufuza za maphunziro apamwamba pa digiri yoyamba. Makomo amene timawapeza ndi atatu: MSc, digiri ya masitazi ya phunziro lenilenilo, kaya masamu, fizikisi, kemisitiri kapena bayoloje; MEd, masitazi ya kaphunzitsidwe ka masamu kapena sayansi; ndi dipuloma kapena satifiketi ya anthu amene ali kale ndi digiri. Onsewa timangoti "kukawonjezera sukulu," koma sachiza nthenda imodzi.

MSc imakulowetsa pansi pa phunziro. Wa masamu amakaona maziko a manambala, n'kumvetsa chifukwa chake 0.999... ndi 1 zili nambala imodzi, osati ziwiri zoyandikana. Wa fizikisi amakaona pamene malamulo a Newton amathera mphamvu. Wa kemisitiri amakhala miyezi m'labotale, zoyesa zikumukanika, mpaka kudziwa ndi manja ake kuti mfundo ya m'buku imabadwa movutikira bwanji. Munthu wotere akabwerera m'kalasi saopanso funso lochokera kunja kwa silabasi, ndipo ana amazindikira msanga mphunzitsi amene akulankhula zimene akuzidziwa. Komanso ngati mumalakalaka kudzaphunzitsa ku yunivesite kapena kupita ku PhD, digiri yapamwamba kwambiri ya phunzirolo, khomo ndi lomweli.

Vuto la njirayi linaonedwa kalekale. Felix Klein, katswiri wa masamu wa ku Göttingen ku Germany, analemba mu 1908 kuti mphunzitsi amadukiridwa ulusi kawiri. Akalowa ku yunivesite amapeza masamu osafanana ndi a ku sekondale, n'kuiwala akalewo. Akabwerera kukaphunzitsa ku sekondale amalephera kulumikiza zimene anaphunzira pamwamba ndi zimene akuphunzitsa, n'kubwerera ku kaphunzitsidwe kamene iye anaphunzitsidwa ali mwana. MSc wamba imatha kukulitsa phompho limeneli. Kafukufuku wako amakhala pa kachinthu kopapatiza kwambiri, ndipo palibe amene adzakufunsa kuti mwana wa zaka 14 angazimve bwanji. Kulumikizako ndi ntchito yako wekha. Onjezanipo kuti khomo lake ndi lothina: ambiri a ife digiri yoyamba inali ya uphunzitsi, theka la nthawi linapita ku maphunziro a kaphunzitsidwe, kotero dipatimenti ya masamu kapena fizikisi imatha kukuuza kuti uyambe wakwaniritsa makosi amene unawaphonya. Ndipo ndinene mosabisa, anzanga angapo amene anatenga njira iyi choko anachisiya. Sindiwaimba mlandu, koma ngati cholinga chanu ndi ana amene muli nawo panopa, dziwani kumene mtsinje umenewu umakonda kukokolera.

MEd yabwino imayambira mbali inayo, m'mutu mwa wophunzira. Lee Shulman wa ku yunivesite ya Stanford ku United States ndiye anaika dzina pa nzeru imeneyi mu 1986: kudziwa phunziro ndi chinthu china, kudziwa njira zolifotokozera, zitsanzo zogwira mtima ndi malo amene ana amapunthwa ndi chinthu chinanso, ndipo mphunzitsi amafunika zonse ziwiri zitalukana. Kuti muone kuti si nkhambakamwa, yesani funso ili limene Liping Ma anagwiritsa ntchito pa kafukufuku amene anatuluka mu 1999. Gawani 1¾ ndi ½, kenako pekani kankhani kogwirizana ndi samuyo. Yankho ndi 3½, pakuti funso lenileni n'lakuti mu 1¾ muli matheka angati. Koma ambiri amapeka nkhani ya anthu awiri ogawana chinthu, kumene kuli kugawa ndi 2, osati ndi theka. Mwa aphunzitsi 23 a ku United States amene anafunsidwa, mmodzi yekha ndiye anapeka nkhani yolondola. Mwa aphunzitsi 72 a ku China, 65 anakhoza, chonsecho ambiri a iwo anakhala pa sukulu zaka zochepa kuposa anzawowo. Sanali ndi masamu apamwamba ochuluka. Ankadziwa mozama masamu omwewo amene ankaphunzitsa.

Ku sayansi nkhani ndi yomweyo. Ponyani mpira m'mwamba, mufunse ana kuti ndi mphamvu ziti zikugwira ntchito pa mpirawo pamene ukukwera. Ambiri adzati mphamvu ya dzanja ikadali kuukankha. Afunseni kuti kulemera kwa mtengo waukulu kunachokera kuti, adzati m'nthaka, pamene gawo lalikulu la thunthu louma linachokera mu mpweya wa carbon dioxide. Philip Sadler ndi anzake ku yunivesite ya Harvard anafalitsa mu 2013 zimene anapeza pa aphunzitsi 181 a sayansi ndi ophunzira awo oposa 9,000. Pa mafunso amene ali ndi yankho lolakwika lokopa, ana ankapita patsogolo kwambiri ngati mphunzitsi wawo ankadziwa yankho lolondola komanso n'kutha kulosera yankho lolakwika limene ana ambiri angasankhe. MSc sikuphunzitsa zimenezi. MEd yolongosoka imaphunzitsa, ndipo kafukufuku wake mungamuchitire m'kalasi mwanu momwe, ndi makope a ana anu.

Koma apa ndi pamene pali msampha umene ndikufuna muuone bwino, chifukwa ndinatsala pang'ono kukodwamo. Ma MEd ambiri amanyamula dzina la sayansi kapena masamu pa chikuto, koma ukatsegula mndandanda wa makosi umapeza utsogoleri wa sukulu, ndondomeko za maphunziro, mbiri ya silabasi, njira za kafukufuku. Ndi zinthu zofunika kwa amene akufuna uhedi kapena ntchito ya ku ofesi ya maphunziro. Koma mutha kumaliza zaka ziwiri osasova samu ngakhale imodzi, osagwira chida chilichonse cha m'labotale. Mphako ija mudzatuluka nayo momwe munalowera, mutangoiphimba ndi mawu akuluakulu. Kafukufuku wa COACTIV ku Germany, amene Jürgen Baumert ndi anzake anafalitsa mu 2010, anaunikira bwino pamenepa. Chimene chinkakweza kwambiri ophunzira ndi luso la mphunzitsi lofotokozera masamu, koma lusolo silinkakula mwa aphunzitsi amene masamu enieniwo anawaphunzira mosaya, ndipo zaka zambiri pa ntchito sizinkakwirira dzenjelo. Denga silikhala popanda mizati.

Dipuloma ndi satifiketi anthu amazipeputsa, koma pali gulu limene zimalikwana kuposa digiri iliyonse: mphunzitsi wa bayoloje amene wapatsidwa fizikisi chifukwa palibe wina, kapena wa jogalafe amene wagwirizira masamu kwa zaka zisanu. Ameneyu sakusowa kafukufuku, akusowa phunzirolo, ndipo akulisowa chaka chino. M'mayunivesite a ku England kawirikawiri satifiketi imakhala ya makirediti (mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro) 60, dipuloma 120, masitazi 180, moti ndi makwerero amodzi, ukhoza kuima pakati n'kudzapitiriza. Si kulikonse kumene zili choncho. Funsani, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngati makirediti anu adzawerengedwa mukadzafuna masitazi, komanso ngati olemba ntchito anu amalivomereza pepalalo. Safunsa anadya phula.

Pakati pa MSc ndi MEd pali njira ina imene siitchulidwa kawirikawiri, ndipo kwa mphunzitsi amene akufuna kukhalabe m'kalasi ndi imene ndimaikonda. Mayina ake ndi osiyanasiyana, ku United States mudzaona MAT kapena MST, amene ndi masitazi a kuphunzitsa, kwina amati masitazi ya masamu a aphunzitsi. Chizindikiro chake n'chakuti makosi ambiri ndi a phunziro lenileni, ophunzitsidwa ndi akatswiri a dipatimenti ya masamu kapena sayansi, koma osankhidwa ndi diso la ku sekondale: alijebura yofotokoza malamulo a manambala, jometire yofotokoza chifukwa chake timatsimikizira zinthu, fizikisi yoyambira pa mafunso amene ana amalakwa. Dzina lokha lisakunyengeni, chifukwa MAT ina ndi yongopatsa chiphaso cha uphunzitsi kwa amene sanaphunzitsepo. Kuipa kwa njira yapakatiyi n'kwakuti simatsegula bwino khomo la PhD ya masamu kapena fizikisi. Muyenera kusankha chimene mukuchifunadi, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Za kuphunzira uli pa ntchito sindichulukitsa. Njirayi si yachilendo: yunivesite ya UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo mu 1946, Open University ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1969. Masamu amayenda bwino pa intaneti, bola pakhale munthu wochonga ntchito yanu mzere ndi mzere, osati kompyuta yongonena kuti mwakhoza kapena mwalakwa. Kemisitiri ndi bayoloje ayi, ngati pulogalamu ilibe masabata a m'labotale, ine sindingaiike m'gulu la zolimbitsa sayansi. Ubwino wa kuphunzira ukuphunzitsa ndi woti zimene wawerenga usiku umaziyesa m'mawa. Mtengo wake ndi tulo ndi matchuthi, ndipo banja liyenera kuuzidwa zoona zake musanayambe.

Musanalembe kalata yofunsira malo, tengani mndandanda wa makosi, pambali pa kosi iliyonse mulembe funso la m'kalasi mwanu limene idzakuthandizani kuyankha. Pamene pasowa cholemba pakachuluka, pulogalamuyo ndi ya munthu wina.

Ine ndinatenga njira yapakatiyo. M'kosi ya alijebura ndi mmene ndinakumana ndi funso la mtsikana uja. Popeza 1 kuphatikiza −1 ndi 0, ndiye kuti −1 kuchulukitsa ndi zonsezo ndi 0. Ukamwaza kuchulukitsako pa manambala awiriwo umapeza −1 kuphatikiza (−1 × −1), ndipo kuti zimenezi zikhale 0, (−1 × −1) ayenera kukhala 1. Si lamulo logwa kumwamba, ndi chokhacho chimene chimasunga malamulo ena onse osasweka. M'kosi ya kaphunzitsidwe ndinaphunzira kuti mwana sungamuyambitsire pamenepo. Umalemba 3 × −2 = −6, pansi pake 2 × −2 = −4, kenako 1 × −2 = −2, kenako 0 × −2 = 0, n'kufunsa kuti mayankho akuyenda bwanji. Ana amaona okha kuti akukwera ndi 2. Ndiye umalemba −1 × −2, n'kupereka choko kwa amene wakhala kumbuyo.