Katemera wa poliyo pa chipatala cha asilikali: zimene ndinaona

Mdzukulu wanga atakwanitsa masabata 6, mayi ake anali asanapezebe mphamvu, choncho ndine ndinamubereka kupita naye kukalandira katemera pa chipatala chaching'ono cha m'kampu ya asilikali pafupi ndi kwathu kuno ku Lusaka, chimene chimathandizanso anthu wamba.

Ntchito ya mkatimo ndiyoyamikirika. Mzere unkayenda motsatira nthawi imene munthu wafikira, popanda wolowerera, ndipo namwino, amene anavala yunifolomu ya usilikali, anandipatsa moni wa ulemu kuti, "Mwauka bwanji agogo?" Anatulutsa kabotolo m'bokosi lozizira, nayang'anitsitsa kachizindikiro kamene kamasintha mtundu katemera akatenthedwa, kenaka anatsegula kakamwa ka mwanayo ndi zala ziwiri n'kudonthezera madontho awiri. Atalemba pa khadi ya kusikelo, anandibwerezera kawiri konse kuti tidzabwerenso pa masabata 10 ndi 14. Sindinalipire kalikonse.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi pachipata. Msilikali wonyamula mfuti anafuna chiphaso changa, nandifunsa kumene ndikupita ndi kumene ndikukhala, ngakhale mwana anali kumsana ndipo khadi ili m'manja. Ine ndinayankha bwinobwino, koma mayi wina wachitsikana amene anali pambuyo panga, yemwe anaiwala chiphaso kunyumba, anangotembenuka n'kubwerera ndi khanda lake osanena kanthu, ndipo mpaka lero ndimamuganizira.

Sindikunena kuti asilikali alibe gawo pa nkhondo yolimbana ndi poliyo. Pamene mayiko anagwirizana zothetsa matendawa mu 1988, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse m'mayiko 125, ndipo malo amene kachilomboka kanakakamira kwambiri ndi a nkhondo. Ku Borno, m'dziko la Nigeria, asilikali ndiwo anathandiza kuti katemera afike kwa ana a m'madera amene gulu la zigawenga la Boko Haram linatseka, ndipo mu 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe. Ku Pakistan apolisi ndi achitetezo amaperekeza opereka katemera, ndipo ambiri aphedwa ali pa ntchitoyo. Komabe n'komwekonso kumene bungwe la akazitape a dziko la America, la CIA, mu 2011 linagwiritsa ntchito katemera wa matenda a chiwindi ngati chophimba pofunafuna Osama bin Laden, zimene zinachititsa makolo ambiri kukayikira aliyense wogogoda pakhomo ndi bokosi la katemera.

Nkhanizi si zakutali ndi ife, chifukwa kachilombo kamene kanapuwalitsa mtsikana wa zaka 3 ku Lilongwe, kamene kanalengezedwa mu February 2022, kanachokera ku Pakistan komweko, ndipo n'chifukwa chake chaka chimenecho azaumoyo anayenda khomo ndi khomo kuno ku Zambia, akupaka inki pa kachala ka mwana aliyense wolandira madontho.

Kwa makolo oyandikana ndi kampu, ndikuti pitani, koma musaiwale chiphaso, ndipo mulawirire. Akuluakulu a chipatalachi ndikuwapempha kuti pa masiku a sikelo aziika namwino kapena wodzipereka wa m'dera pachipata, ndiponso kuti khadi ya mwana izikhala yokwanira kuti mayi aloledwe kulowa.