Ufa wothira mu sileji ya nzimbe: ndaupatsa nyenyezi 4 mwa 5

Alimi anzanga, nzimbe sizili ngati chimanga pa nkhani ya sileji, chakudya cha ng'ombe chosungidwa chachiwisi m'dzenje. Zili ndi shuga wambiri, ndipo mukangozifotsera m'dzenje popanda kuthiramo kanthu, yisiti imasandutsa shugayo mowa. Potsegula mumamva fungo ngati la kachasu, muluwo utaphwa, ndipo chomwe chikananenepetsa ng'ombe chathera mumpweya.

Ine ndimanenepetsa ng'ombe zofula za mtundu wa Angoni cha kuno ku Katete, nzimbe ndimadula kudimba. Ufawu ndinagula musitolo ya zaulimi ku Chipata. Muli tizilombo tamoyo totchedwa Lactobacillus buchneri, timene timapanga asidi wofooketsa yisiti. Mumausungunula m'madzi, n'kumapopera nzimbe zodulidwa tizidutswa pamene mukuziyala m'dzenje, kupondaponda kwambiri, kenako pulasitiki ndi dothi pamwamba. Sipuleya yake ikhale yosalowamo mankhwala a thonje. Madzi akhale a pachitsime, chifukwa klorini wa madzi a m'tauni amapha tizilomboti. Ndipo musapupulume kutsegula, timafuna pafupifupi miyezi iwiri.

Chomwe chandikondweretsa si fungo lowawasa bwino lokha ayi. Sileji yake sitentha msanga dzenje likatsegulidwa. Mu Okutobala, msipu utauma gwa, dzuwa likuswa mtengo, zimenezi n'zofunika zedi, pakuti sileji wamba imayamba kutentha ndi kuchita nkhungu musanaithe. Iyi ng'ombe zimadya mpaka kunyambita chodyeramo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha wogulitsa, amene amalankhula ngati ufawu pawokha unenepetsa ng'ombe. Bodza limenelo. Nzimbe zili ndi mapuloteni ochepa kwambiri, ndipo ufawu suwonjezerapo. Popanda gaga ndi keke ya mpendadzuwa kapena ya thonje, ng'ombe zidzakhuta koma nthiti zikuwerengekabe. Ena amathira urea, koma ameneyo muyambe mwafunsa alangizi a ziweto, akachuluka amapha ng'ombe.

Paketi yakenso anaipangira matani ambiri, malangizo ake m'Chingerezi chokhachokha, ndipo ifunika kusungidwa pozizira. Kumudzi kopanda magetsi, firiji muitenga kuti? Ife tinasonkherana ndi anansi a makola apafupi, tinagula ufawu nzimbe zitatsala pang'ono kudulidwa, n'kuthira onse sabata yomweyo. Wa dzenje limodzi laling'ono asagule yekha, ufa wambiri udzangowonongeka.