Magemu a nkhani zachikondi omwe ndinagula pa kashopu ka pa boma la Kasungu

Pafupi ndi depoti ya mabasi pa boma la Kasungu pali kashopu kena komwe anthu amakabenetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi, ndipo kumeneko ndi komwe ndinagula magemu atatu a mtundu womwe eni ake amautcha visual novel. Inali nyengo yogulitsa fodya, ndipo popeza ndinkafika kunyumba dzuwa litalowa kuchokera ku Chinkhoma, ndinkafuna chinthu choti ndizitayira nthawi madzulo popanda kugula bandulo. Mnyamata wogulitsa pamalopo anatsitsa mawu n'kundiuza kuti, "Bwana, awa ndi a akuluakulu okhaokha, komatu mulibe mfuti kapena mpira, muzingowerenga basi." Mtengo wa onse atatu sunapose wa mbale ya nsima ya nkhuku pa lesitilanti ya pafupi pomwepo.

Mnyamatayo sananame. Pagalasi la foni pamaoneka chithunzi cha malo, kutsogolo kwake kwaima munthu wojambulidwa, ndipo m'munsi muli kabokosi ka mawu omwe munthuyo akulankhula. Ukagunda ndi chala nkhani imapitirira, ndipo pakapita kanthawi amakupatsa mayankho awiri kapena atatu kuti usankhepo limodzi, lomwe limasintha zodzachitika kutsogolo. Magemu otere anakulira ku Japan, komwe kampani ya Leaf inatchukitsa dzina lawoli kuyambira mu 1996. Anafalikira kwambiri m'mayiko ena chifukwa cha Ren'Py, pulogalamu yaulere yomwe inatuluka mu 2004, yomwe imathandiza ngakhale munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta kupanga gemu yakeyake. Onse atatu omwe ndinagula anapangidwa ndi pulogalamu imeneyi.

Pa atatuwo, imodzi yokha ndi yomwe ndingaiyamikire ndi mtima wonse. Mwini nkhani ndi bambo wa zaka zoposa makumi atatu yemwe ntchito yamuthera, banja lake linatha, ndipo wapatsidwa kahotela kogumukagumuka ka malemu amalume ake kuti akayendetse. Kumeneko akumana ndi mayi wophika wa pakamwa pakuthwa, mayi wowerengera ndalama yemwe saseka wamba, ndiponso mayi woyandikana naye nyumba yemwe amabwera tsiku lililonse kudzabwereka zinthu zomwe sabweza. Chomwe chinandikoka ndi chakuti bamboyu si katswiri wofunsira ayi. Amachita chibwibwi, amapsereza chakudya cha alendo, ndipo tsiku lina anatumiza uthenga wachikondi kwa wokhometsa msonkho m'malo mwa mayi wophika uja. Ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anatuluka kuchipinda kudzaona chomwe chandigwera.

Kuyambira usiku umenewo tinkasewera awiri, foni titaitsamiritsa pa botolo la shuga. Panafika malo pomwe mayi wowerengera ndalama uja anafunsa ngati bamboyu akadali ndi chithunzi cha mkazi wake wakale, ndipo ine ndinafuna kusankha yankho lokana. Mayi a kunyumba anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, mukanama pamenepa basi mwataya, mkazi akafunsa chotere ndiye kuti chithunzicho wachiona kale." Sindinawamvere, ndipo patapita mitu iwiri bodza lija linaululika, mayiyo anasiya ntchito, ndipo njira yonse yopita kwa iye inatsekeka. Ndinabwerera pomwe ndinasunga gemu n'kuyambiranso, uku akundiseka. Apa m'pamene pagona kukoma kwa magemu amenewa: amakumbukira zomwe unalankhula, monga momwe ankhoswe amakumbukirira zomwe munalonjeza pa chinkhoswe, ndipo amadzakufunsa nazo nthawi yomwe iwe waiwala.

Za kuchipinda zilimo, ndipo sindibisa, chifukwa n'zomwe zinachititsa kuti mnyamata uja atsitse mawu. Koma mu gemu imeneyi zimabwera patapita maola angapo ukuwerenga, anthuwo atayamba adana, kukhululukirana ndi kudziwana bwino, moti zikamafika zimakhala ngati mathero a ulendo womwe wayenda nawo limodzi. Opanga anaikamonso batani lozimitsira zithunzi zoterozo, ndipo titalizimitsa nkhani sinaguge ngakhale pang'ono.

Gemu yachiwiri inali yapakatikati, nthabwala zake zinkabwerezabwereza. Yachitatu ndinaifufuta tsiku lomwelo, chifukwa akazi onse m'menemo ankagwa m'chikondi munthu asanamalize n'komwe kupereka moni, nkhope zawo zinali zouma ngati zidole za m'sitolo ya zovala, ndipo mayankho omwe ankandipatsa onse ankathera pamodzimodzi. Munthu sangatope msanga ndi chinthu china kuposa nkhani yomwe wolemba wake akuthamangira kuvula anthu asanawapatse makhalidwe.

Kashopu kenikeniko kali ndi zofooka zomwe wogula ayenera kudziwiratu. Gemu yomwe ndinaikondayo inathera panjira, pa mutu wachisanu, ndipo nditabwerera kukafunsa, mnyamatayo anangoti, "Bwana, ndi momwe inabwerera." Vuto ndi lakuti ambiri opanga magemu amenewa amatulutsa nkhani pang'onopang'ono, mutu ndi mutu, pothandizidwa ndi ndalama zomwe owatsatira amapereka mwezi ndi mwezi kudzera pa Patreon, tsamba la pa intaneti lothandizira olemba ndi aluso, lomwe linayamba mu 2013. Zomwe zimafika kuno ndi makope akale ongokopedwa, ndipo pa ndalama yomwe ndinapereka palibe ngakhale tambala yomwe inapita kwa wolemba yemwe anandiseketsa. Komanso popeza Google Play salola magemu okhala ndi zithunzi zolaula, amenewa amalowa m'foni ngati mafayilo oikira mapulogalamu m'foni otchedwa APK ochokera kwina, ndipo munthu umachita kuloleza foni kuti ilandire zinthu zomwe siikuzidziwa. Foni yomwe mumasungiramo ndalama za Mpamba kapena Airtel Money si yoyenera kuyesera zimenezi. Ine ndinagwiritsa ntchito yakale yopanda simu khadi, yomwe inkatentha kwambiri ndipo batire lake silinkafika maola awiri.

Chomwe chinandiipira kwambiri ndi chakuti tsiku lomwe ndinabwererako ndinapeza anyamata awiri ovala yunifomu ya sukulu akuyang'ana mndandanda wa magemu omwe aja, ndipo palibe yemwe anawafunsa zaka zawo. Ngakhale Steam, msika waukulu wa magemu a pakompyuta womwe unayamba kulola magemu otere mu 2018, umawabisa kufikira munthu atasankha yekha kuwaona. Kuno kwathu kulinso lamulo loona za mafilimu ndi zisangalalo la 1968, kotero mwini kashopuko akusewera ndi moto. Ndinamuuza mnyamatayo maso ndi maso, ndipo anayankha mwaulemu kuti akawauza abwana ake.

Chomaliza ndi chiyankhulo. Magemu onse atatu ndi a Chingerezi, ndipo nthabwala zina zinkandidutsa, pomwe zina ndinkachita kuwamasulira mayi a kunyumba mpaka kukoma kwake kunkathera m'njira. Tinkangoganiza momwe ingakomere nkhani yotere itakhala ya m'Chichewa, mkamwini wa chikamwini akuzemba apongozi panjira ya kudimba, uku akusankha mawu oti akalankhule kwa ankhoswe. Ren'Py ndi yaulere ndipo imalola kulemba m'chiyankhulo chilichonse. Pakadali pano ndikudikira mutu wachisanu ndi chimodzi, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti ukadzafika, foni adzagwira ndi iwo.