Vani ya ku Japan m'misewu ya Ntcheu: zomwe zafa, zomwe zapirira, ndi nkhani ya recall

Dzinja lachiwiri likutha tsopano chigulireni vani imeneyi, choncho amene ankandifunsa kuti ikuyenda bwanji ndikhoza kuwayankha popanda kukokomeza. Ndi imodzi mwa magalimoto aja a ku Japan a mipando 8 ndi zitseko zokoka m'mbali, ya 2008, ya petulo, giyabokisi yake ndi ya automatic, ya mtundu wotchedwa CVT. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga anzake ambiri. Pakati pa sabata imanyamula katundu wa m'golosale yathu pa boma pa Ntcheu, masiku a msika imapita ku Lizulu kapena pa Tsangano turn-off kukapikula kachewere ndi kabichi, ndipo kukagwa zovuta kumudzi ndi imene imatenga achibale.

Injini ilibe mlandu. Imalira bwino ngakhale m'mawa wa mu June ku Dedza chisanu chitagwira, siidya oyilo, ndipo pa M1 mafuta imamwa mwaulemu malinga osaithamangitsa. Malo m'katimo ndi ambiri. Mukapinda mipando ya kumbuyo mumalowa katundu amene pa saluni mukanayenda naye kawiri. Zoyamikira ndi zimenezo, ndipo si zazing'ono. Koma chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi china, chimene ogulitsa magalimoto satiuza ndipo ifenso ogula sitifunsa.

Kampani yopanga magalimoto ikazindikira kuti chipangizo china chinapangidwa molakwika moti chikhoza kuvulaza anthu, imaitanitsa magalimoto onse okhudzidwa kuti akakonzedwe ulere. Ndiyo recall imeneyo. Ku Japan kalata imapita kwa mwini galimoto amene ali m'kaundula wa boma. Tsono galimoto ikachotsedwa m'kaundulamo n'kukwezedwa pa sitima, kalatayo ilibe kolowera. Palibe amene angakulembereni kuno ku Ntcheu. A Road Traffic popereka COF, pepala lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, amaona mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zooneka ndi maso. Za chipangizo chobisika m'chiwongolero kuti chinasinthidwa kapena ayi, pepala la COF silinena kanthu.

Recall yaikulu kuposa zonse ndi ya ma airbag, matumba ofufuma pa ngozi kuti ateteze anthu, a kampani ya Takata. M'kati mwa airbag muli kachitini kachitsulo komwe kamaphulitsa mpweya wofufumitsa thumba lija pa ngozi. Takata inkagwiritsa ntchito ammonium nitrate, mankhwala omwe amapezekanso mu feteleza wina. Mankhwalawa akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi achinyezi amasintha, ndipo tsiku la ngozi amaphulika mopitirira muyeso, kachitini kaja n'kusweka, zidutswa za chitsulo n'kulasa dalaivala kapena wokhala naye kutsogolo kumaso ndi pakhosi. Anthu afa nazo pa ngozi zazing'ono zomwe akanatuluka okha m'galimoto. Honda inayamba kuitanitsa magalimoto pa chifukwa chimenechi mu 2008, kenako nkhaniyo inafalikira kwa Toyota, Nissan, Mazda, Subaru, BMW ndi ena. Ku America kokha tizitini tokwana pafupifupi 67 miliyoni tinaitanitsidwa, ndipo anthu opitirira 20 anamwalira. Takata inagwa mu June 2017. Kuyambira mu May 2018 boma la Japan linayamba kukana kupereka shaken, yomwe ndi COF ya kwawoko, kwa magalimoto ena amene airbag yake inali isanasinthidwe. Koma galimoto yopita kunja siifuna shaken yatsopano. Taganizani nokha kuti ina mwa yokanidwayo inathera kuti.

Wina anganene kuti kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza n'kozizira, ndiye vuto la kutentha silitikhudza. Galimoto ya 2008 yakhala kale zaka zoposa khumi m'chinyezi cha ku Japan isanafike kuno, ndipo ikafika siikhala pa phiri pokha. Yanga imatsikira ku Golomoti, ku Salima ndi ku Mangochi, n'kukaima padzuwa tsiku lonse magalasi ali otseka.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Magalimoto ogulitsidwa m'dziko la Japan ali ndi nambala ya chassis yaifupi, zilembo ndi manambala ochepa, kamzere, kenako manambala ena. Ili pa blue book, pa export certificate, ndiponso pa kachitsulo komatidwa m'boneti kapena pa mphuthu ya chitseko cha kutsogolo. Makampani akuluakulu a ku Japan ali ndi tsamba pa intaneti pomwe mumalemba nambalayo n'kuona ma recall okhudza galimoto yanu. Tsambalo ndi la Chijapanizi, koma foni imamasulira. Onetsetsani kuti mwalowa pa tsamba la ku Japan, chifukwa la ku America limafuna nambala ya zilembo 17 imene magalimoto athuwa alibe. Ine anandithandiza ndi mphwanga amene amakhalira pa foni. Mwamwayi vani yanga inapezeka kuti zonse zofunika zinakonzedwa isanachoke kwawo. Yanu ikapezeka kuti ntchito ilipo, pitani ndi nambalayo kwa oimira kampaniyo ku Lilongwe kapena ku Blantyre mukafunse za kukonza pansi pa recall. Airbag yogula kwa ophwasula magalimoto ayi ndithu: mukhoza kuchotsa kachitini koipa n'kuikamo kena ka msinkhu womwewo ndi matenda omwewo.

Nkhani ya airbag inandipezabe mwa njira ina. Kagetsi kake ka pa dashboard kanayamba kuyaka osazima mvula itangoyamba chaka chatha. Makaniko wina wa pansi pa mtengo atasuzumira anati, "Bwana, aka sikavuta. Tingochotsa kababuko, a COF sakaona." Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mukachotsa babu, airbag iyamba kugwira ntchito?" Anangoseka. Kagetsiko kakayakiratu, ndiye kuti kompyuta ya galimoto yapeza vuto ndipo airbag mwina siitseguka pa ngozi. Ndinapita kwa amene ali ndi makina oyezera, ndipo anapeza kuti kapulagi kachikasu ka pansi pa mpando wa kutsogolo kanali katakhwefuka chifukwa cha kukankhakankha mpando polongedza katundu. Anakapukuta, kukamanga, basi. Chinyengo cha babucho chimachitikanso pogulitsa magalimoto, choncho poyesa galimoto tembenuzani kiyi muone: kagetsi ka airbag kayenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenako n'kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anakagwira.

Zina zonse zimene zandivuta si za recall, ndi za msinkhu wa galimoto ndi misewu yathu. Izi ndikunena chifukwa ndamva anzanga akuti vuto lililonse ndi "fault ya ku fakitale". Ayi, zambiri timazipanga ndife.

Chitseko chokoka cha magetsi ndicho chinayamba. Chimayenda pa tinjanji titatu, ndipo chimakokedwa ndi waya wa kamota. Fumbi la mu September ndi October la m'misewu ya kumidzi likalowa m'tinjanjimo n'kukumana ndi girizi wakale, limasanduka phala louma. Chitseko chimayamba kuyenda monyinyirika, kulira, kufika pakati n'kubwerera. Ana nawonso amachikoka ndi mphamvu pomwe mota ikugwira ntchito, waya n'kumathetheka. Changa waya anaduka ndithu. M'malo mogula mota yonse, tinachotsa wayayo, kusintha tima rola, n'kuzimitsa batani la magetsi, ndipo chikutsegulidwa ndi manja mpaka lero popanda vuto. Chokhacho chimene sindichitengera chibwana ndi loko yake. Mu 2016 Toyota inaitanitsa ma Sienna opitirira 700,000 ku America (Sienna, osati Sienta yathu ya pa siteji) chifukwa chitseko chokoka chinkatha kutseguka galimoto ikuyenda. Kumbuyoko kumakhala ana, choncho ndisananyamuke ndimachigwedeza ndekha kuti ndimve ngati chaluma.

Mabuleki ndinawadziwa bwino pa msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Amene mwadutsako mukudziwa makhotawo. Vani yodzaza anthu ndi katundu, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba, pofika pakati fungo la mapadi opsa limalowa m'galimoto ndipo buleki imafewa. Mafuta a buleki amayamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo akatentha kwambiri madziwo amawira. Ndiye chifukwa chake amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, koma magalimoto ambiri obwera kuno amayenda ndi omwe anachoka nawo ku Japan, akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinasinthitsa mafutawo ndi mapadi, ndipo potsika ndimaika giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Chiyambireni fungo lija sindinalimvenso.

CVT imayenda mofewa koma siikonda nkhanza. Ilibe magiya a mano ngati ya manual. Ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Kuidzaza matumba a kachewere n'kumakwera nayo zitunda za ku Tsangano, kapena kupalasa m'matope matayala akungozungulira pamodzimodzi, kumatenthetsa mafuta ake. Yanga inayamba kunjenjemera ponyamuka. Kusintha mafuta kunathandiza, koma samalani pamenepa: amafunika mafuta a CVT enieni olembedwa m'buku la galimotoyo. M'mashopu ena akupatsani ATF, mafuta a giyabokisi ya automatic wamba, n'kukuuzani kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi, ndipo giyabokisi ikafa mtengo wake, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ukhoza kuimitsa galimoto pa mwala chaka chathunthu.

Za mabushi, ma ball joint ndi mashoko sindinena zambiri. Galimotoyi ndi yofupika, inapangidwira tala wosalala, ndipo mahampu ndi maenje a pa M1 amadya zimenezi mwachangu. Mabushi otchipa samaliza nyengo imodzi.

Pampu ya mafuta inafa pa nthawi ya mizere ya petulo ija, pomwe tonse tinkagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu wa m'malire muno. Titaitulutsa m'thanki, kasefa kake kanali katatsekeka ndi dothi lofiira ndi tinyenyeswa ta pulasitiki. Kuyenda thanki ili pansi kunawonjezera, poti pampuyo imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo. Pali recall yeniyeni ya mapampu a kampani ya Denso yomwe inayamba mu 2020 n'kukhudza magalimoto mamiliyoni a Toyota, Honda ndi ena, chifukwa kachipangizo kozungulira m'katimo kankafufuma injini n'kuzima pa msewu. Imeneyo ndi ya magalimoto a zaka za posachedwapa, yanga siilowamo, koma amene mukuitanitsa ya 2017 kapena 2018 ifufuzeni pa tsamba lomwe lija.

Matayala amene inabwera nawo ankaoneka atsopano, mano akuya, tizing'alu ting'onoting'ono paliponse, m'mbali atalemba kuti studless. Amenewo ndi oyendera pa chipale ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, pa tala wotentha amatha msanga, ndipo pa mvula galimoto siima pomwe mukufuna. Onaninso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, moti 3514 ndi sabata ya 35 mu 2014. Tayala la msinkhu umenewo ngakhale likhale ndi mano silodalirika. Galimoto yobwera ndi matayala otere ndi bwino kuigonera pansi n'kuona dzimbiri, chifukwa kumadera a chipale amathira mchere m'misewu. Yanga inali nalo pa paipi ya utsi pokha.

Wailesi ya m'magalimoto a ku Japan a msinkhu umenewu imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 MHz, ndiye mawayilesi athu ambiri siigwira. Kachipangizo kowonjezera kamagulitsidwa, koma ine ndinangoisintha yonse.

Kodi ndingagulenso? Kwa banja ndi kabizinesi koyenda kwambiri pa tala, eya. Kwa amene akufuna yonyamula matumba tsiku ndi tsiku kuchoka m'madimba, agule kalole kakang'ono ka manual, vani iyi aipha pachabe. Ndipo ulendo wina nambala ya chassis ndidzaipempha ndisanatumize ndalama, pomwe galimoto ikadali pa chithunzi, chifukwa recall yotsala ndi yosavuta kuikonzetsa ikadali ku Japan kusiyana ndi itafika pa Songwe. Pakadali pano mashoko a kumbuyo ayamba kudontha, ndipo ndikudikira kuti tigulitse nyemba kuti ndiwasinthe onse awiri nthawi imodzi.