Viza yolowera kangapo ndi yaphindu, koma werengani chidindo

Ngati mukuyembekezera mlendo wakunja wodzakhala miyezi ingapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje, viza yolowera kangapo yofunsira pa intaneti ndi yothandiza. Ilipo ya miyezi 6 ndi ya miyezi 12. Pofunsira pamafunika pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera 6, chithunzi ndi kalata ya womulandira. Ikavomerezedwa aisindikize papepala, poti netiweki pachipata sidalirika.

Ambiri amapunthwa apa: miyezi ya viza si masiku okhala m'dziko muno. Pachipata amadinda masiku 30 okha. Asanathe, mlendoyo akwere msewu wa Thabwa kupita ku ofesi ya Immigration ku Blantyre kukawonjezera, mpaka onse akwane 90. Akapitirira osawonjezera ndi mlandu, ngakhale viza isanathe.

Kuno kuchigwa ubwino wa vizayi umaonekera pa chipata cha Marka ku Nsanje. Mlendoyo atha kuwolokera ku Mozambique n'kubwerera osagulanso viza ya Malawi, bola ayambe wafufuza zolowera ku Mozambique, chifukwa n'zapadera. Ulendowu asauike mu Januwale kapena Febuluwale. Madzi akasefukira, misewu ya kumunsi imaduka.

Wongodzaona njovu ku Majete sabata imodzi asawononge ndalama, yolowera kamodzi imukwanira.