Pulani ya chakudya yolipiriratu kapena kulipira mukadya: banja lopita ku paki ya zisangalalo lisankhe chiti?

Aliyense amene akukonzekera kupita ndi ana ku mapaki akuluakulu a ku Orlando, ku Florida, amafika pa funso ili akangomaliza za ndege ndi hotela: tigule pulani ya chakudya kapena tizikalipira konko? Yankho langa ndi lakuti mabanja ambiri asagule. Alipo ochepa amene pulaniyi imawapindulira ndithu, ndipo ndiwatchula, koma zimene zimasiyanitsa magulu awiriwa ndi zinthu ziwiri zimene otsatsa sazikweza mawu: zaka za ana anu ndi tipu, ndalama ija yothokozera woperekera zakudya.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi pulani yowerengera masiku ogona, ngati ya ku Walt Disney World. Yachiwiri ndi chibangili chodyera tsiku limodzi, ngati cha ku SeaWorld ndi ku Busch Gardens ya ku Tampa. Yachitatu ndi kusagula kalikonse, kumangolipira chimene mwadya.

Ya ku Disney inaimitsidwa mu 2020 mapaki atatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo inabwereranso pa 9 January 2024 ili mitundu iwiri. Quick-Service Dining Plan imapatsa munthu aliyense, pa usiku uliwonse umene wagona, zakudya 2 za pakauntala, zija mumaitanitsa nokha n'kunyamula pa thireyi, ndi chokhwasula chimodzi. Disney Dining Plan imapereka chakudya chimodzi cha pakauntala, chimodzi cha patebulo pamene wina amakuperekerani, ndi chokhwasula chimodzi. Onse amalandiranso kapu yodzazitsa zakumwa. Amagula okhawo ogona m'mahotela a Disney, ndipo simungasankhe kuti agule bambo okha kapena mugule masiku awiri okha. Aliyense wa zaka 3 kupita m'tsogolo amene walembedwa m'chipindamo amalowa, kwa masiku onse. Makirediti onse, kutanthauza chiwerengero cha zakudya zimene mwalipirira, amaikidwa pamodzi tsiku lofika, mumadya mmene mwafunira, ndipo otsala amafa pakati pa usiku wa tsiku lotuluka m'hotela. Sabweza ndalama.

Mitengo ya 2024, msonkho uli momwemo, inali $57.01 wamkulu ndi $23.83 mwana pa pulani ya pakauntala, $94.28 wamkulu ndi $29.69 mwana pa pulani yokhala ndi tebulo. Imasintha chaka ndi chaka, choncho onani ya chaka chanu, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Tsono onani mawu akuti mwana. Ku Disney mwana ndi wa zaka 3 mpaka 9 basi. Akangokwanitsa 10, pa chakudya ndi wamkulu, amalipira ngati bambo ake. Pa mitengo ija, mwana wa zaka 9 ndi mkulu wake wa zaka 10 amasiyana $64.59 pa usiku umodzi, ndiye kuti $322.95 pa masiku 5. Kholo lililonse likudziwa mmene mwana wa zaka 10 kapena 11 amadyera ali pa malo a masewera: watopa, dzuwa lamuwamba, maso ali pa zokwera, akufuna tchipisi ndi tizidutswa ta nkhuku, aluma katatu n'kunena kuti wakhuta. Mwamulipirira $94 kuti adye chakudya cha pa menyu ya ana. Popanda pulani, m'malo ambiri a pakauntala palibe amene angamuletse kuitanitsa mbale ya ana n'kulipira mtengo wa ana. Banja la akulu awiri, mwana wa zaka 11 ndi wa zaka 6, likagona masiku 5, limalipira $1,562.65 pa pulani ya tebulo kapena $974.30 pa ya pakauntala. Pa ndalama zimenezi, gawo la mwana wa zaka 11 ndi limene limatayika kwambiri, ndipo simungamuchotse.

Kwa ana a zaka 3 mpaka 9 zinthu zimatembenuka. Pa mitengo ya 2024 ija, ndalama zosakwana $30 pa tsiku n'zotsika, chifukwa bufe imodzi yokha ya mwana, ija kumabwera Mickey ndi anzake kudzajambulitsa, imadutsa mtengo umenewo. Mwana wosakwana zaka 3 salipira, amadya m'mbale ya makolo kapena kutapa pa bufe. Ndiye banja la ana atatu aang'ono ndi banja la ana awiri a zaka 10 ndi 12 akugula zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale dzina la pulani ndi limodzi.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa pulani ya tebulo ndi tipu, ndipo ndikhalitsapo. Munthu amagula pulani kuti mtima ukhale m'malo, kuti za chakudya zatha, chikwama chisatulukenso. Koma tipu siili m'pulani. Ku America woperekera zakudya amadalira tipu, ndipo mwambo wake ndi 18 mpaka 20 peresenti ya bilu. Mukamaliza kudya amakubweretserani risiti yosonyeza kuti makirediti achotsedwa, ndipo pansi pake pali mtengo umene chakudyacho chikanagulidwa pa menyu, kuti muwerengerepo tipu. Mukakhala anthu 6 kapena kuposa, 18 peresenti amaiwonjezera okha osakufunsani. Ndi malo ochepa chabe, monga Cinderella's Royal Table ndi chionetsero cha Hoop-Dee-Doo Musical Revue, amene tipu imakhala yolowa kale.

Vuto lenileni ndi lakuti pulani imakukankhirani ku chakudya chodula, ndipo tipu imakwera nacho. Kuti ndalama zanu zibwerere mumayenera kuitanitsa nyama yodula pa menyu, chakumwa chodula, ndi chotsekemera chotsirizira, munthu aliyense, tsiku lililonse. Bilu ikafufuma, tipu imafufumanso, ndipo imeneyo ikutuluka m'thumba. Tiyerekeze kuti banja la anthu anayi lija ladya zokwana $220 pa menyu. Tipu ya 18 peresenti ndi $39.60. Kasanu, ndi $198 pamwamba pa $1,562 ija. Banja lomwelo likanakhala lopanda pulani likanagawana mbale ziwiri kapena zitatu, kumwa madzi, kusiya zotsekemera, bilu n'kuthera mwina pa $120, tipu n'kukhala $21.60. Choncho pulani sikuti imangosiya tipu panja, imaikulitsa. Woperekerayo alibe mlandu, wagwira ntchito yake ndipo ayenera kulandira. Chimene ndimadana nacho ndi kugulitsa chinthu ngati chothetsa nkhawa ya ndalama, kenako banja n'kumadzidzimuka tsiku loyamba lomwe, ana atakhuta kale, pamene palibenso kubwerera m'mbuyo.

Onjezanipo kuti zoyambira, monga supu kapena saladi ya patsogolo pa chakudya, sizili m'pulani. Mukazifuna mumalipira padera. Chakudya cha pakauntala ndi mbale imodzi ndi chakumwa, chotsekemera mulibe.

Pali msampha wina wa makirediti awiri. Malesitilanti apamwamba, kuphatikizapo Cinderella's Royal Table ndi Be Our Guest ku paki ya Magic Kingdom, amachotsa makirediti 2 a tebulo pa munthu pa chakudya chimodzi. Mukapita kawiri kumalo otere pa ulendo wa masiku 5, mwatsala ndi kirediti imodzi, ndipo masiku awiri mudzagula chakudya ndi ndalama. Kawirikawiri mtengo wa chakudya chimenecho sufika kawiri mtengo wa lesitilanti wamba, ndiye ngati mukufunitsitsa kukadya kumeneko, ndi bwino kulipira ndi ndalama n'kusunga makirediti.

Nkhani ya nthawi anthu amaipeputsa. Kukhala ndi pulani sikukupatsani tebulo. Mumayenera kusungitsa malo, ndipo zimatseguka masiku 60 ulendo usanafike. Malo otchuka amadzaza m'mawa womwewo. Mukalephera kubwera osachotsa dzina m'nthawi yake, amadula $10 pa munthu. Chakudya cha patebulo chimadya ola limodzi kapena ola ndi theka, osawerengera basi kapena boti yokafikira kumeneko, ndipo nthawi imeneyo mwailipira kale pa tikiti ya paki. Mwana akagona m'ngolo yake 5 koloko, kapena mvula ya madzulo ya ku Florida ikakutsekerezani mbali ina ya paki, tebulo lanu likudikirabe ndipo kirediti ikufuna kudyedwa. Tchuthi chimayamba kuyendera ndandanda ya malesitilanti.

Kapu ija musaiwerengere kwambiri. Imadzazidwa m'mahotela okha, m'paki sigwira ntchito, ndipo tsiku lonse mumakhala m'paki.

Nanga masamu a munthu wamkulu amatuluka bwanji? Tengani $57 ya pulani ya pakauntala. Chotsanipo chokhwasula cha pafupifupi $6, ndi kapu ya pafupifupi $22 yogawidwa pa masiku 5, ndiye $4 ndi pang'ono. Zatsala pafupifupi $47, kutanthauza kuti chakudya chilichonse chiyenera kufika $23 kuti mungofanana. Mbale wamba ya pakauntala ndi chakumwa choziziritsa kukhosi sizifika pamenepo. Zimafika mukatenga mowa kapena vinyo, poti a zaka 21 kupita m'tsogolo amaloledwa kusankha chakumwa choledzeretsa m'malo mwa chozizira. Kunena mosabisa, pulani ya pakauntala imakomera akumwa. Banja losamwa mowa likulipirira botolo limene silidzatsegula. Kadzutsa ndiye woluza kuposa zonse, chifukwa ndi chakudya chotchipa koma chimachotsa kirediti yathunthu. Pa pulani ya $94, mukachotsa chokhwasula, kapu ndi chakudya cha pakauntala cha $20, chakudya cha patebulo chiyenera kufika pafupifupi $64. Mabufe aja kumabwera anthu ovala ngati zidole za Disney, monga Chef Mickey's, Crystal Palace ndi Tusker House, amene amachotsa kirediti imodzi, amayandikira kapena kudutsa pamenepo mukawonjezera msonkho. Mbale ya pasita kapena ya ndiwo zamasamba sifika n'komwe.

Apa ndiye pamene pulani imapambana: akulu awiri odya kwambiri ndiponso omwa, ana onse osapitirira zaka 9, ndi mtima wofuna bufe ya zidole tsiku lililonse. Banja lotere ligule, lidzapulumutsa ndalama zooneka. Nthawi zina kumabwera zotsatsa za pulani yaulere. Muziyerekeze ndi kutsitsa mtengo wa chipinda kumene kulipo nthawi yomweyo, chifukwa kawirikawiri simungatenge zonse ziwiri, ndipo chakudya chaulerecho chimabwera mutalipira chipinda mtengo wathunthu.

Chibangili cha tsiku limodzi ndi nkhani yosavuta, ndipo ndimachikonda kuposa ya masiku ogona. Ku SeaWorld ndi Busch Gardens, All-Day Dining Deal imalola mbale imodzi, chowonjezera kapena chotsekemera chimodzi, ndi chakumwa chimodzi, pakatha mphindi 90 zilizonse m'malo osankhidwa. Mumagulira tsiku limene mwafuna ndi munthu amene mwafuna, ndipo popeza ndi zakudya za pakauntala, nkhani ya tipu sikuvutitsani. Mnyamata wa zaka 15 amene sakhuta mumugulire, agogo odya pang'ono muwasiye. Kugawana ndi wina saloleza. Mukadya kawiri mumakhala pafupi kufanana, kachitatu ndiye phindu, koma kumbukirani kuti ulendo uliwonse wokatenga chakudya ndi mzere, ndipo nthawi ya nkhomaliro anthu a zibangili amakhala ambiri. Ngati mufika masana kapena mudzatuluka msanga, musagule. Mapaki ambiri otere salola chakudya chochokera kunja, n'chifukwa chake chibangili chimakhala ndi mphamvu kumeneko kuposa ku Disney.

Kulipira mukadya ndi njira imene ndimaikira kumbuyo, chifukwa imakulolani kudya monga mmene banja lanu limadyera kale. Ku Walt Disney World amalola kulowa ndi chakudya chanu, bola chisakhale m'mabotolo agalasi, chisafune kutenthetsa, ndipo pasakhale mowa kapena ayezi womwazika. Kapu ya madzi ozizira amapereka ulere pa makauntala. Mbale zambiri ndi zazikulu moti mayi ndi mwana angagawane. Kadzutsa wa m'chipinda, wa buledi, mkaka ndi zipatso zogula ku sitolo, amachotsa chakudya chimodzi pa tsiku pa mtengo wochepa kwambiri. Kuipa kwake ndi kwa mumtima: bambo amene amawerenga mtengo uliwonse pa menyu n'kumakana ayisikilimu wa ana amasokoneza tchuthi. Mankhwala ake alipo. Gulani khadi ya mphatso ya Disney musananyamuke, muikemo ndalama zimene mwaika padera za chakudya, muzidyera pamenepo. Mtendere wa kulipiriratu mwaupeza, tipu ndi supu zikutuluka momwemo, ndipo zotsala sizifa pakati pa usiku, mugulira china.

Musanasankhe, khalani pansi ndi mamenyu, poti onse ali pa intaneti ndi mitengo yake. Lembani tsiku ndi tsiku chimene aliyense angaitanitse ndalama zikanakhala zikutuluka m'thumba, osati chimene angaitanitse poti n'cholipiridwa kale. Onjezani msonkho wa 6.5 peresenti umene umagwira m'malo ambiri a kumeneko, ndi tipu ya pa zakudya za patebulo. Kumbali ya pulani, onjezani tipu yowerengera pa bilu yodula ija, kadzutsa amene mudzagulabe, ndi zoyambira. Chotsaninso chakudya chimodzi kapena ziwiri zimene mudzaphonya, chifukwa tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka ndege simafunsa za makirediti anu. Pulani ikapambana ndi ndalama zosakwana $100 pa ulendo wonse, isiyeni, chifukwa mwana mmodzi akangodwala m'mimba tsiku limodzi, phindu limenelo latha.